Kamsitu ka pa Penyakwanu

Ana anga, pali funso limodzi limene mwanditopetsa nalo. Ndikangoyamba kutama Ntchisi, Tadala amaseka n'kunena kuti, "Nanga ngati kunali kokoma chotere, ababa, munachokerako chiyani?" Ine ndimangoyankha kuti boma likakusamutsa sufunsa. Yankho limenelo si bodza, koma ndi lobisa zambiri. Amayi anu andiloleza tsopano kuti ndilembe nkhani yonse, ndiye khalani pansi muwerenge, ndipo Limbani usadumphe masamba monga unkachitira kusukulu.

1978, Nachisaka

Ntchito ya za nkhalango ndinaiyambira ku Nachisaka, m'boma la Dowa, pa nazale ya mitengo. Ndinachoka kwathu ku Dedza ndi malaya awiri ndi bulangete, ndikuganiza kuti ndikukakhala bwana. Bwana wake uti! Ntchito yanga inali kusefa dothi, kulithira m'machubu obzalamo mbande ndi kutunga madzi kudambo. Mkulu wathu anali Bambo Nyirenda, munthu wamtali wa kumpoto, wosaseka wamba. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Chipumi chonsechi, mnyamata, tikhulupirire kuti muli nzeru mmenemo." Dzina linakhala lomwelo. Mpaka ndinapuma ntchito anthu ankanditcha a Chipumi, ndipo inu nonse anayi munatengera, musandiseke.

Kusowa kwa zipangizo ndinakudziwira kumeneko. Makeni othirira anali odontha, moti ukamafika pa bedi la mbande theka la madzi lathirira kale njira. Machubu akatha tinkayenda m'misika kutola mapepala a shuga. Ine mtima wanga ndi wapachala, mukundidziwa, ndipo tsiku lina ndinaponya keni pansi n'kunena kuti ntchito yotereyi agwire ena. Bambo Nyirenda anatola keniyo, namata pobowoka ndi phula, n'kundibwezera. Manyazi amene ndinachita tsiku limenelo anandikwanira chaka chonse. Ndi iwowo amene anandiphunzitsa kudziwa mtengo poona khungwa, ndiponso ndi iwo ananditchula dzina pamene kunkafunika mlonda wa nkhalango ku mapiri a Ntchisi. Ndisanapite ndinathamangira ku Dedza kukakwatira aNambewe, amayi anu, kuopa kuti wina anganditsogolere.

1981, Ntchisi

Anatipatsa kanyumba ka malata kumalire a nkhalango, kumene msewu wafumbi unkathera. Kumbuyo kwathu kunali phiri, kutsogolo kunali maesiteti a fodya ndi tinyumba ta matenanti. Mukayenda pang'ono kuchokera pakhomo pathu munkafika pa thanthwe lalikulu lafulati, lotambalala ngati bwalo la mpira wamanja. Pamenepo dziko linkangotha mwadzidzidzi. Kum'mawa mapiri ankatsika motsatizana mpaka kuchigwa, ndipo kukacha bwino mvula itagwa, nyanja inkaoneka kutali uko, yopyapyala ngati lamba. Mukatembenuka munkaona mapiri a Dowa ndi utsi wa zigafa za fodya. Kunsi kwa thanthwelo, mbali ya kunyanja, kunali kamsitu ka masuku ndi mitondo, kowirira ndithu, koma nthawi imeneyo mitengo yake inali yaifupi ndipo maso ankadutsa pamwamba pake.

Amene analitcha dzina thanthwelo ndi matenanti. Anthu amenewa ankachokera kutali, ena ku Nkhotakota, ena ku Salima, ena mpaka ku Mulanje ndi ku Phalombe, ndipo ambiri ankatha zaka osapita kwawo. Lamulungu akaweruka kutchalitchi ankakwera pathanthwepo ndi ana awo, n'kumaloza. Ndiye analitcha Penyakwanu. A ku Nkhotakota ndiwo ankadzitama, chifukwa kwawo kunkaonekadi. Koma ndinapezapo bambo wina wa ku Phalombe atanyamula kamwana paphewa, akuloza kum'mwera kumene kunali mitambo yokhayokha.

"Mukuona chiyani kumeneko, achimwene?" ndinawafunsa.

"Kwathu," anatero.

"Phalombe sangaoneke pano, ngakhale mutakwera mumtengo."

"Ine ndikudziwa. Koma mwanayu sakudziwa, musandiwonongere."

Ntchito yanga m'chilimwe inali kukhala pathanthwepo kuyang'anira moto. Ukaona utsi unkayenera kudziwa msanga ngati ndi wa osaka mbewa, wa ofula njuchi kapena wa munthu amene akutentha mapesi m'munda mwake. Ukatsimikiza unkamenya chitsulo cha mkombero wa galimoto chimene tinachipachika mumtengo, anthu n'kuthamanga ndi nthambi zaziwisi. Nsapato za jombo tinkalandira mwa apo ndi apo. Chaka china zinabwera zonse za phazi lakumanzere, ndipo ofesi inatiuza kuti tidikire zakumanja. Tikudikirabe.

1982

Amayi anu anali oyembekezera, mimba yoyamba. Mwezi wa Febuluwale mvula inagwa yosalekeza, mlatho wa panjira ya kuchipatala ku Malomo n'kukokoloka. Tinkaganiza kuti nthawi ikadalipo. Tsiku limenelo ndinalawirira kukayendera malire, chifukwa kunali anthu ocheka matabwa mozemba. Pobwera masana ndinapeza amayi anayi a kuesiteti atakhala pakhonde pathu, mapazi ali matope okhaokha. Mmodzi anali aNachanza, mzamba wa matenanti, mayi wamfupi wa fodya wamphuno, amene pakamwa pake ngakhale akapitawo a esiteti ankapaopa. Anaimirira n'kunditsekera pakhomo.

"Akazi anu ali moyo, thokozani Mulungu," anatero. "Mwana sanalire. Ndi mtayo."

Ndinafunsa kuti ali kuti, ndimuone.

"Takonza kale. Zimenezi ndi za ife amayi. Inu musalire, musafunse, ndipo musakawafunse akazi anu. Lowani mukawapatse moni."

Inu ana a masiku ano mwina simungamvetse. Mwana wobadwa wakufa sankamuchitira maliro. Kunalibe bokosi, kunalibe nyimbo, ndipo mwamuna sankapita nawo kapena kuuzidwa malo. Amayi okha ankamutenga n'kukamuika mwakachetechete. Ankati mukalira kapena mukakumba dzenje lakuya, mayiyo sadzaberekanso. Ine ndinakulira m'mwambo umenewo ndipo sindinautsutse. Ndinalowa m'nyumba, ndinawagwira dzanja amayi anu. Mawa lake ndinapita kuntchito. Ndinkaganiza kuti anakamuika kumanda a mudzi wapafupi, kumphepete, monga ankachitira kwathu. Sindinadziwe n'komwe ngati anali wamwamuna kapena wamkazi. Zinandiwawa kwambiri, ana anga, koma ndinalibe pokazinenera.

1983 mpaka 1994

Izi ndizo zaka zimene ndimazitama mpaka inu kutopa. Limbani unabadwa, kenako Esinala, Tadala, ndi Yamikani kumapeto. Ine anandikweza kukhala kapitawo, ndi gulu langa la amuna a m'midzi yozungulira. Tinkalambula njira zotchinga moto mwezi wa Meyi udzu usanaumitsitse, tikuimba, anyani akutitukwana m'mitengo. Mwezi wa Seputembala mitengo ya mombo inkaphuka masamba ofiira, phiri lonse n'kuoneka ngati lapsa koma popanda utsi. Mvula ikagwa kunali bowa woti simungamalize, ndipo inu munkabwera kunyumba milomo ili yomata ndi masuku. M'mawa wa mwezi wa Juni nkhungu inkadzaza chigwa chonse, ife pathanthwe tili padzuwa, tikuiyang'ana pansi. Ndayenda malo ambiri, koma kukongola kotere sindinakuonenso, ndipo ndimakusowa mpaka lero.

M'chilimwe amayi anu ankandibweretsera chakudya pa Penyakwanu. Chimene chinkandiseketsa n'choti iwo sankayang'ana kutali. Ankakhala kumphepete kwenikweni kwa thanthwe, maso ali pansi pa kamsitu kaja.

"ANambewe," ndinkawaseka, "azungu amachokera kutsidya kwa nyanja kudzaona malo ano, inu mukuyang'ana tchire?"

"Idyani, chakudya chizizira," ankatero.

Ine ndi chipumi changa chonsechi sindinaganizepo kanthu.

1995

Chaka chimenecho tinalandira bwana watsopano, Bambo Chikafa, wachinyamata, wochokera kumene kusukulu ya za nkhalango. Ndisamunamizire, anali munthu wabwino ndi wolimbikira. Ndiye woyamba kutipezera jombo za mapazi onse awiri. Iyeyu anapeza bungwe lina lakunja limene linkafuna kuthandiza malo okopa alendo. Maganizo ake anali oti pa Penyakwanu pamangidwe chisakasa chabwino ndi mipando, msewu ukonzedwe, amuna a m'midzi apeze ntchito yokhalitsa, amayi azigulitsa zipatso ndi uchi. Vuto linali limodzi. M'zaka zonsezi mitengo ya m'kamsitu kaja inali itakula, ndipo munthu woima pathanthwe sankaonanso nyanja koma masamba. Bwana analamula kuti kamsitu konse kadulidwe, zitsa zizulidwe, malowo asalazidwe n'kudzalapo kapinga, zonse zithe eni ndalamawo asanabwere kudzaona.

Ndinafika kunyumba madzulo dzuwa likadalipo, ndili wosangalala. Amayi anu anali pamkeka akuswa mtedza. Ndinawafotokozera zonse, mpaka za uchi. Nditatchula za kuzula zitsa, manja awo anaima.

"Kamsitu kake kati?" anafunsa.

"Komwe kaja mumakakonda kuyang'ana."

Anauza Yamikani kuti akasewere kwa anzake.

"Abambo a Limbani, musakadule mmene muja."

"Chifukwa?"

"Mwana wanu ali mmenemo."

Ndinakhala pansi pamkekapo. Anapitiriza motsitsa mawu, maso ali pa lichero. Anati si wathu yekha. Matenanti analibe manda awoawo, ndipo kukapempha malo kumudzi wa eni chifukwa cha mtayo kunali kovuta. Ndiye kuyambira kalekale amayi a kuesiteti ankaika ana oterewa m'kamsitu kaja, chifukwa n'poyang'ana kwawo. Ife pokhala alendo ngati iwo, anatitengera komweko.

"Maenje ake ndi osaya, mukudziwa," anatero. "Mukazula chitsa chimodzi chokha, mudzaona zimene simuyenera kuona."

Ndinati basi, mawa ndikawauza abwana, ndi munthu womva.

"Ayi. Pokuuzani inu ndalakwa kale. Akadziwa abwana idziwa ofesi yonse. Adzaikapo chikwangwani, alendo azidzajambula, ana a sukulu azidzaloza. Amayi anzanga aja anandisungira ine chinsinsi, ena anabwerera kwawo atasiya ana awo mmenemo podziwa kuti palibe adzawasokoneze. Musakanene."

"Nanga ndikakana popanda chifukwa, ntchito ithera pomwepo. Ana anayiwa adya chiyani?"

"Sindikudziwa," anatero, n'kuyambanso kuswa mtedza.

M'mawa ndinatenga gulu langa, amuna onse ali ndi nkhwangwa zonola, n'kuwatuma kukakwirira maenje a mumsewu. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Ndinkangozengereza ngati mwana woopa jakisoni, ndikuyembekeza kuti mwina alendowo asintha maganizo. Sanasinthe. Bwana atabwera kudzayendera anapeza msewu uli bwino, kamsitu kali chiimire. Anandiitanira pathanthwe, anthu onse akuona, n'kunditchula dzina langa lenileni, osati la Chipumi.

"A Phiri, mitengo ija bwanji?"

"Sinadulidwe, bwana."

"Ndikuona ndi maso angawa. Ndikufunsa chifukwa."

"Chifukwa ndilibe."

"Muli mitengo yosowa mmenemo? Muli kasupe? Ndiuzeni, ine ndine wa nkhalango ngati inu, ndimva."

Anafunsa mwaulemu, ndipo zimenezo ndizo zinandipweteka koposa. Akanakhala wamwano zikanaphweka. Ndinayang'ana pansi n'kunena kuti mulibe kasupe, mulibe mtengo wosowa, koma ine sindidula.

Pamenepo anapsa mtima, ndipo anali ndi chifukwa. Anatembenukira kwa anthu anga n'kuwauza kuti atenge nkhwangwa atsike. Ena anayi kapena asanu ananyamukadi, mmodzi wa iwo Kachiza. Apa ndiye mtima wanga uja unandithandiza kamodzi m'moyo. Ndinathamanga n'kukaima pa kanjira kotsikira, chikwanje chili m'manja.

"Amene akufuna kudula ayambe mwendo uwu!" ndinakuwa. "Bwerani! Iwe Kachiza, ndinakuphunzitsa ndine kugwira nkhwangwa, bwera uyambe!"

Palibe anasuntha. Ena ankandiopa, ena ankaganiza kuti ndapenga. Koma ndinaona akuluakulu awiri akuyang'anizana, kenako n'kuika nkhwangwa pansi mwakachetechete. Mpaka lero ndimaganiza kuti mwina nawonso akazi awo anawauzapo kanthu. Sitinafunsane.

Nthawi yopezera gulu lina inalibe. Alendo anabwera ndi galimoto ziwiri, anaima pathanthwe, anayang'ana masamba. Mayi wina wachizungu anakwera pamwala n'kusolola khosi, kenako anafunsa kuti nyanja ija ili kuti. Sanakhalitse. Thandizo lija linapita kudera lina, ndipo chisakasa sichinamangidwe. Bambo Chikafa anachita manyazi pamaso pa akuluakulu ake chifukwa cha ine. Amuna amene ankayembekeza ntchito anasiya kundipatsa moni. Kachiza anandipeza pachigayo n'kundiuza pamaso pa anthu kuti, "Inu a Chipumi muli pa malipiro a boma. Ife mwatiphera tsogolo chifukwa cha masuku." Kumbali yake ankanena zoona.

Sanandichotse ntchito, ndipo ndimamva kuti Bambo Chikafa yemweyo ndiye anandipepesera. Koma ukapitawo anandilanda, n'kundisamutsa. Tsiku lonyamuka, katundu ali pa lole, aNachanza anabwera ndi ndodo yawo, atakalamba kwambiri. Sanandiyang'ane n'komwe ine. Anapatsa amayi anu nkhuku yomanga miyendo, n'kubwerera.

1996 mpaka kupuma ntchito, Dowa

Ananditumiza ku nazale ina kufupi ndi Dzaleka. Ndinabwerera ku machubu ndi makeni, ntchito imene ndinayambira ndili mnyamata, tsopano imvi zitayamba. Inu mukukumbukira mphepo ya kumeneko, ndi mapiri ometedwa mpala, ndi momwe munkadandaulira kuti kulibe masuku. Esinala unalira sabata yathunthu. Malipiro anatsika, ndipo Limbani unayenda wapansi ulendo wautali kupita kusekondale chifukwa njinga sindikanatha kugula. Ndikanama ndikati sindinadandaulepo. Masiku ena ndinkabwera kunyumba nditakwiya, ndipo amayi anu ankadziwa chimene chandikwiyitsa. Koma za kamsitu kaja sitinatchulenso, ngakhale kamodzi.

Nthawi imeneyo n'kuti othawa nkhondo atayamba kuchuluka pa Dzaleka. Ena ankabwera kudzagula mbande, tikulankhulana ndi manja. Lamulungu ndinkawaona atakwera kaphiri ka kuseri kwa kampu, ataima, akuyang'ana kumpoto. Anzanga ankadabwa kuti anthuwa amaonako chiyani kopanda kanthu. Ine sindinkadabwa.

Chaka chatha

Amayi anu ndiwo anayambitsa. Atatuluka m'chipatala, nthawi ija anadwala chibayo, anandiuza kuti akufuna akaone Ntchisi miyendo ikadalola. Inu tinakuuzani kuti tikukaona anzathu akale. Tinakwera minibasi mpaka pa Malomo, kenako njinga zamoto, amayi anu akukuwa njira yonse kuti mnyamatayo achepetse liwiro. Kanyumba kathu kanagwa, kwatsala maziko. Esiteti ija inagawidwa minda, matenanti anabalalika, ndipo aNachanza anamwalira kalekale. Mitengo yambiri ya kumalire inapita ndi makala. Tinakwera mpaka pathanthwe.

Kamsitu kalipo. Sindikudziwa amene wakhala akukateteza, kapena ngati amayi a kumeneko amauzanabe. Mitengo yakula kuposa kale, nyanja sioneka n'pang'ono pomwe. Tinapezapo anyamata awiri a m'tauni akujambulana ndi mafoni, mmodzi akudandaula kuti malo abwino ngati amenewa bwanji osadulapo mitengoyi. Ndinatsegula pakamwa, amayi anu n'kundigwira mkono.

Anyamatawo atapita, amayi anu anavula nsapato n'kuyamba kutsika kanjira kaja pang'onopang'ono, akugwira mizu. Ine ndinakhala pathanthwe, monga mwamuna ayenera. Anangoyenda pang'ono n'kuima.

"Abambo a Limbani, bwerani."

"Ine? N'zololedwa?"

"Ankaopa kuti sindidzaberekanso. Ndabereka anayi, ndipo ndakalamba. Tikuopanso chiyani? Bwerani, mundigwire ndingagwe."

Ndinatsika. M'katimo munali mozizira, masamba ouma ofika m'akakolo. Panalibe mitumbira, panalibe chizindikiro chilichonse, koma iwo anayenda mosakayika mpaka pa msuku wina waukulu wa nthambi ziwiri, pafupi ndi mwala wosongoka. Anagwada n'kusesa masamba ndi dzanja.

"Ndi apa. ANachanza anadzandionetsa nditachira."

Ndinavula chipewa. Sindinadziwe choti ndinene kwa munthu amene sindinamuonepo. Ndinafunsa funso limene ndinalisunga zaka zoposa makumi anayi.

"Anali ndani?"

"Wamkazi," anatero. Anaseka pang'ono misozi ili m'masaya. "Anandionetsa asanamukulunge. Chipumi chanu chomwechi."

Pamenepo ndinalira, ana anga, mokweza, ndipo panalibe wondiletsa.

Ndiye Tadala, yankho lako ndi limenelo. Ndipo iwe Limbani, wakhala ukudzitcha woyamba kubadwa moyo wako wonse. Uli ndi mlongo wako wamkulu. Ali kunsi kwa Penyakwanu, pa msuku wa nthambi ziwiri. Mukadzapitako musakaike chikwangwani.